Bourbon wa tsiku ndi tsiku: kalawidwe ndi kaweruzidwe kake kugombe la Mangochi

Bourbon ndi mtundu wa wisiki wotchezedwa kuchokera ku chimanga. Dzinali limaloledwa pa mowa wopangidwa ku United States kokha, monga inagamulira nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1964, ndipo wochuluka amachokera m'chigawo cha Kentucky. Kumwera kwa nyanja ya Malawi, mowa wakunja wotere malo ake ndi mabala a mahotela ndi malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola ndi ku Makokola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, komwe umapikisana ndi Malawi Gin ndi burande. Bourbon wa tsiku ndi tsiku ndi uja wotsika mtengo pakati pa anzake, monga Jim Beam wa pepala loyera kapena Evan Williams. Pofuna kudziwa ngati ndi wabwino, mtengo suthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi zolembedwa pabotolo pamodzi ndi zimene mphuno ndi lilime zapeza.

Zolembedwazo n'zodalirika chifukwa lamulo silisiyanitsa botolo lodula ndi lotchipa. Bourbon aliyense ayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51 peresenti ya mbewu zonse, ndipo zotsalazo kawirikawiri zimakhala rye kapena tirigu ndi chimera cha balere. Potcheza, mphamvu yake isapitirire 80 peresenti. Polowa mumgolo isapitirire 62.5, potsekeredwa m'botolo isachepere 40. Mgolowo uyenera kukhala watsopano, wa mtengo wa oak, wotenthedwa m'kati mpaka kuda ngati makala, ndipo n'zoletsedwa kuthiramo utoto kapena zokometsera. Choncho kufiirira kwa mowawu n'kochokera ku thabwa. Mawu akuti straight pabotolo amasonyeza kuti wakhala mumgolo zaka zosachepera ziwiri, ndipo ngati sanakwanitse zinayi, zakazo ziyenera kulembedwa. Mawu akuti bottled in bond, ochokera ku lamulo la mu 1897, amatanthauza zaka zinayi kapena kuposa, fakitale imodzi, nyengo imodzi yotchezera ndi mphamvu ya 50 peresenti. Wogula wowerenga izi wadziwa kale zambiri asanatsegule chitsekerero.

Zotsalazo ndi ntchito ya wolawa. Amathira pang'ono m'tambula yoyera yopanda fungo la sopo, n'kununkhiza kukamwa kuli kotsegula pang'ono kuti ukali wa mowa usatseke mphuno. Moto wa mumgolo umasungunula shuga wa m'thabwa, n'chifukwa chake bourbon wokhwima bwino amamveka fungo la vanila ndi la shuga wopserera, kumbuyo kwake kukubwera kutsekemera kwa chimanga. Wokhala ndi rye wambiri amalasa lilime ngati tsabola. Wa tirigu, monga Maker's Mark, amatsika mofewa. Kumwa koyamba kumangozoloweretsa pakamwa, kwachiwiri ndiye kumanena zoona. Madontho ochepa a madzi amachepetsa kuwotcha, fungo lobisika n'kutuluka. Wosakhwima amadziwika ndi fungo la phala losapsa kapena la mankhwala, kuwotcha kukhosi kopanda kukoma, ndi kakomedwe kothera pomwepo akangomeza.

Ena amati zonsezi n'zachabe chifukwa bourbon ndi kachasu wa kwa azungu basi. Pali choona m'mawuwa: kachasu nayenso amachokera ku madeya a chimanga, chimera ndi shuga, ndipo amatchezedwa mumtsuko, nthunzi n'kudutsa m'paipi yomizidwa m'madzi ozizira. Kusiyana kuli pawiri. Kachasu amamwedwa woyera, atangodontha kumene, osagona mumgolo. Chachiwiri, mphamvu yake sidziwika: botolo loyamba, la mutu, ndi lakali kuposa lotsiriza, ndipo palibe cholembedwa chouza wakumwa. Ndiye kuti chimene munthu amalipira pa bourbon wotchipa si chimanga ayi, koma thabwa, zaka ndi muyezo wosasinthasintha.

Ena amati ku Malawi kulibe bourbon wotchipa, ndipo chodula chiyenera kukhala chabwino. Mbali yoyamba ndi yoona. Botolo limalipiridwa ndi ndalama zakunja, limakhomeredwa msonkho, limayenda ulendo wautali, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 katundu wakunja anakwera mtengo. Koma izi zikutsimikizira kuti mtengo wa ku Mangochi ukunena za msonkho ndi mayendedwe, osati za zimene zili m'botolo. Mowa wa anthu wamba ku Kentucky suwonjezera kukoma pofika ku Nkopola. Njira yabwino yodziwira ndi kulawa mitundu iwiri kapena itatu wina atabisa mabotolo, kuti dzina ndi mtengo zisanyengerere lilime. Kwa amene amati aliyense ali ndi lilime lake, yankho n'lakuti kukonda rye kapena tirigu ndi nkhani ya munthu payekha, koma fungo la mankhwala, chitsekerero chothyoledwa kale kapena mowa wothiridwa madzi ndi zolakwika kwa aliyense.

Nyengo ya kunyanja nayo imasintha kalawidwe. Mu October ndi November, kutentha kukapitirira madigiri 30, mowa wofunda umatulutsa nthunzi yakali yophimba mafungo ena, ndipo ayezi amasungunuka msanga. Wa 40 peresenti amasukuluka mwachangu, pomwe wamphamvu ngati Wild Turkey 101, wa 50.5 peresenti, amapirira. Motero bourbon wa tsiku ndi tsiku ayesedwe kawiri, payekha ndiponso ndi ayezi kapena chakumwa chozizira, poti umo ndi mmene ambiri amamumwera.

Kuweruza kukoma kuli ndi malire ake. Toti ya mamililita 25 ya mowa wa 40 peresenti ili ndi mamililita 10 a mowa weniweni, kaya botolo ndi lodula kaya lotchipa, ndipo chiwindi sichiwerenga dzina. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa mowa wakali wotchipa unkafika mosavuta kwa ana ndi achinyamata. M'boma la Mangochi, komwe anthu ambiri ndi Asilamu osamwa mowa ndipo ena amapalasa bwato usiku, wolawa wanzeru amamwera pamalo ovomerezeka, amalekezera pa matoti ochepa, ndipo akamwa salowa m'nyanja kapena kugwira chiwongolero.