Lamba wa pamimba

Lamba wa pamimba ndi nsalu yotanuka imene munthu amavala mozungulira mimba akachitidwa opaleshoni. Amavalidwa pambuyo pa opaleshoni yobereketsa, komanso pambuyo pa abdominoplasty, yomwe ndi opaleshoni yochotsa khungu ndi mafuta olendewera pamimba ndi kusoka minofu imene inatalikirana.

Ntchito yake

Lambayu amapanikiza mimba mofanana mbali zonse. Zimenezi zimachepetsa kutupa ndipo zimachirikiza bala munthu akamatsokomola, kudzuka kapena kuyenda. Lamba salimbitsa minofu ndipo sasungunula mafuta. Akathina kwambiri amalepheretsa kupuma bwino, amanyula khungu ndiponso amasokoneza kayendedwe ka magazi.

Kuyambiranso masewero olimbitsa thupi

Madokotala amalimbikitsa kuyenda pang'onopang'ono kuyambira masiku oyamba kuti magazi asaundane m'miyendo. Pambuyo pa abdominoplasty, kawirikawiri lamba amavalidwa masabata 4 mpaka 6. Kuthamanga, kunyamula zitsulo ndi masewero okoka minofu ya pamimba zimadikira masabata 6 kapena kuposerapo, mpaka dokotala atavomereza. Kusenza ndowa ya madzi ndi kusinja zili m'gulu lomweli. Kuvala lamba sikufupikitsa nthawi yodikirayi, chifukwa minofu yosokedwa imapola mochedwa kusiyana ndi khungu.

Ku Lilongwe

Mumzinda wa Lilongwe, opaleshoni yobereketsa imachitika m'zipatala monga cha Bwaila ku Old Town ndi cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 1977. Amayi ambiri a m'Malawi akachira amamanga mimba ndi chitenje. Chitenje sichitanuka ngati lamba wa kuchipatala, choncho mayi wochitidwa opaleshoni amayenera kufunsa namwino asanamange, ndipo mfundo yake isakhale pabala.