Chaka Chimene Ndege Zinaima ku Australia

Ntchito youlutsa ndege siiloweka chilowelowe. Munthu amaphunzira zaka zambiri asanapatsidwe chiphaso, ndipo ngakhale atachilandira, mayeso sathera pomwepo. Nthawi ndi nthawi dokotala amamupima maso, makutu ndi mtima; akatswiri amayesa luso lake m'makina oyerekeza ndege; malamulo nawo amamuikira malire a maola amene angauluke asanapume. Chifukwa cha mwambo wokhwimawu anthu odziwa ntchitoyi ndi osowa, ndipo munthu wosowa sachedwa kukhulupirira kuti palibe angalowe m'malo mwake. Zimene zinachitika m'dziko la Australia m'chaka cha 1989 zikusonyeza m'mene chikhulupiriro chotere chinagwetsera m'mavuto anthu ophunzira ndi aluso oposa 1,600.

Kuti timvetse nkhaniyi, tiyambe taona dzikolo. Australia ndi dziko lalikulu kwambiri ndipo mizinda yake ndi yotalikirana. Kuchokera ku Sydney kufika ku Perth pali mtunda wa makilomita oposa 3,000, pamene Tasmania ndi chilumba chimene munthu sangafikeko pagalimoto pokha. Choncho ndege zikaima, malonda, maulendo a alendo odzaona malo ndi ntchito zina zambiri zimasokonekera. Pa nthawiyo lamulo la boma linkapereka maulendo a pakati pa mizinda ikuluikulu kwa makampani awiri okha: Australian Airlines, imene inali ya boma, ndi Ansett, imene mkulu wake anali Sir Peter Abeles. Oulutsa ndege a makampaniwa, pamodzi ndi a makampani ang'onoang'ono a East-West ndi IPEC, anali m'bungwe lotchedwa Australian Federation of Air Pilots.

Gwero la mkangano linali malipiro. Kuyambira m'chaka cha 1983, boma la nduna yaikulu Bob Hawke linali pa pangano ndi bungwe lalikulu la apantchito la ACTU. Pa panganolo, lotchedwa Accord, apantchito anavomera kuti malipiro azikwera pang'onopang'ono motsata chigamulo cha bwalo loona za ntchito, ndipo boma linalonjeza kuwathandiza m'njira zina, monga chithandizo cha kuchipatala. Cholinga chinali kuchepetsa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mu 1989 muyeso wololedwa unali pafupifupi 6 peresenti. Koma bungwe la oulutsa ndege silinali m'gulu la ACTU, ndipo linkaona kuti panganolo silikulikhudza. Mamembala ake anadandaula kuti malipiro awo atsalira m'mbuyo kwa zaka zingapo. Motero, motsogozedwa ndi kaputeni Brian McCarthy, anapempha kuti malipirowo akwere ndi 29.47 peresenti, nanenanso kuti akufuna kukambirana ndi mabwana awo maso ndi maso, osadzera kubwalo lija.

Pa 18 Ogasiti 1989 oulutsa ndegewo anayamba kugwira ntchito kuyambira 9 koloko m'mawa kulekeza 5 koloko madzulo basi. Kunali ngati kunena kuti: ngati mukutiwerengera ngati antchito a muofesi, nafenso tiziweruka nthawi ya antchito a muofesi. Maulendo a m'mamawa ndi a usiku anathetsedwa, anthu zikwizikwi nasowa mtengo wogwira m'mabwalo a ndege. Makampani sanagonje. M'malo mwake anayamba kuimitsa ntchito okana kutsata ndandanda, ndiponso kuwasumira kukhoti mmodzimmodzi kuti alipire ndalama zimene makampaniwo ankataya. Poopa kulandidwa nyumba ndi ndalama zawo za penshoni, pa 24 Ogasiti oulutsa ndege oposa 1,600 anatula pansi ntchito tsiku limodzi.

Iwo ankaganiza kuti pakangopita masiku ochepa, mabwana adzabwera kudzawanyengerera. Apa ndi pamene anaphonya. Munthu wonyanyala ntchito amakhala akadali wantchito, ndipo bwana amakakamizika kulankhula naye. Koma wosiya ntchito wadula yekha chingwe chimene chinkamumangirira kwa bwanayo. Makampani ananena poyera kuti alibenso chokambirana ndi bungwe limene mamembala ake sali antchito awo. Kuwonjezera apo, pa ntchito imeneyi kukhalitsa n'kofunika koposa: amene analowa kale ndiye amayamba kukwezedwa kukhala kaputeni ndi kupatsidwa ndege zikuluzikulu. Posiya ntchito, aliyense anataya malo amene anawakhetsera thukuta zaka zambiri.

Chachiwiri chimene sanachiwerengere ndi mphamvu ya boma. A Hawke anali atatsogolerapo bungwe la ACTU kwa zaka pafupifupi khumi asanalowe m'nyumba ya malamulo, kotero wina akanayembekeza kuti aima ndi apantchito. Koma iwo anaona kuti oulutsa ndege akangopambana, magulu ena onse adzafuna zofanana, pangano lija n'kuphwasuka. Choncho boma linaima nji kumbali ya makampani. Linatumiza ndege za asilikali kuti zizinyamula anthu wamba, linalola ndege za maiko ena kunyamula anthu pakati pa mizinda ya m'dzikomo, linafewetsa njira yolowera oulutsa ndege ochokera kunja, ndiponso linakhululukira makampaniwo ndalama zina zimene ankayenera kulipira m'mabwalo a ndege. Otsutsa anadandaula kuti a Hawke ndi a Abeles anali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, koma dandaulolo silinasinthe kanthu.

Chachitatu, oulutsa ndegewo anapezeka ali okha. Bungwe la ACTU silinawathandize, pakuti linali kuteteza pangano lake ndi boma. Anzawo a kampani ya Qantas, imene inkayenda maulendo a kunja, anali atatuluka kale m'bungwe lija mu 1981 n'kuyambitsa lawo, motero ndege zawo sizinaime. Anthu wamba nawo anavutika kumvera chisoni anthu amene ankalandira kale malipiro oposa a ambiri, makamaka poona kuti ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo okopa alendo, monga a m'chigawo cha Queensland, ntchito zinali kuwathera chifukwa cha mkangano umene sanauyambe. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga ili linali lolemera kuposa m'mene bungwelo linkaganizira.

Mu Novembala 1989 khoti lalikulu la m'chigawo cha Victoria linagamula kuti bungwelo linalakwira makampani, ndipo pambuyo pake linalamulidwa kupereka chipukutamisozi cha madola a ku Australia pafupifupi 6.5 miliyoni. Pofika mu Disembala, ndege za asilikali zinaleka kunyamula anthu, popeza makampani anali atalemba oulutsa ndege atsopano okwanira kuyendetsa maulendo ambiri. Mu Malichi 1990 bungwelo linavomera kuti nkhondo yatha. Amene anabwerera analembedwa aliyense payekha pa mapangano atsopano ofuna kuti aziuluka maola ochuluka. Ambiri sanabwererenso konse: ena anakafuna ntchito ku Asia, ku Ulaya ndi kwina, ena anasiyiratu zouluka. Udani wa pakati pa obwerera ndi okana kubwerera unapasula maubwenzi, ndipo unakhalapo zaka zambiri.

Kodi tinene kuti mabwana ndiwo anapambana? Kwa kanthawi, inde. Koma makampaniwo anataya ndalama zochuluka ndi antchito odziwa bwino ntchito. Mu 1990 lamulo lija la makampani awiri linatha, mpikisano nuyamba. Australian Airlines inagulidwa ndi Qantas mu 1992, ndipo Ansett inagwa mu 2001, ngakhale kuti zifukwa za kugwa kwake zinali zambiri kuposa mkangano wa 1989. Bungwe la oulutsa ndege lija silinafe; lilipo mpaka lero.

Pomaliza, tinganene kuti madandaulo a oulutsa ndegewo sanali opanda maziko, pakuti munthu wosenza miyoyo ya anthu mumlengalenga ayenera kulipidwa molingana ndi udindo wake. Chimene chinawagonjetsa si kuchepa kwa luso, koma kusawerengera bwino amene anali nawo ndi amene anali kulimbana nawo. Asananyamuke pa ulendo uliwonse, woulutsa ndege amafunsa za nyengo, amayeza mafuta, nasankhiratu bwalo lina loti akatereko ngati zinthu zavuta. Pa ulendo wa mu Ogasiti 1989, anthu ozolowera mwambo umenewu ananyamuka opanda bwalo lina lokaterako.