Asilikari a m'Thupi ndi Kansa ya m'Cifu

Pa 29 January 1881, mu mzinda wa Vienna, dotolo Theodor Billroth anang'amba mai wina wodwala kansa ya m'cifu, nadula mbali yodwalayo, nalumikiza cifu cotsala ndi matumbo. Maiyo anadzuka, nayamba kudya; uwu unali ulendo woyamba kuti munthu apulumuke pa nchito yotere. Koma patapita miyezi inai anamwalira, pakuti nthenda inali itafalikira kale. Madotolo anatsala ndi funso lowasautsa: mwa odwala awiri ong'ambidwa ndi dzanja limodzi, cifukwa ninji wina akhala zaka zambiri, mnzace namwalira msanga?

Poyamba anayankha ndi zimene maso aona: kuzama kwa cotupa, ndi kumene cafika m'thupi. Koma m'caka ca 1921 madotolo awiri a ku Mayo Clinic, ku America, MacCarty ndi Mahle, anayang'ana zotupa zodulidwa pa galasi lokulitsa zinthu, napeza cina. Zotupa zina zinali zozingidwa ndi maselo oyera a m'mwazi, amene anthu awacha asilikari a m'thupi, ndipo eni zotupa zimenezo anali kukhala moyo nthawi yotalikirapo. Cifukwa cace sanacidziwe, ndipo nkhaniyi inagona zaka zambiri.

Mbali ina ya yankho inacokera ku Africa, pa nthenda yosiyana ndithu. M'caka ca 1958 dotolo Denis Burkitt, ali ku Kampala, analemba za ana otupa nsagwada, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala zambiri, za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland zomwe, kufunsa za ana otere. Zidutswa za zotupazo anazitumiza ku London, kumene mu 1964 Epstein, Barr ndi Achong anapezamo kacirombo kochedwa Epstein-Barr. Pafupifupi akulu onse ali nako, ndipo ambiri sikawacita kanthu. Tsono kuyambira 1990 kanayamba kupezeka m'kansa zina za m'cifu, ndipo zambiri mwa izo zinali zodzala ndi asilikari, monga zija za 1921.

Cotsala cinali kuwerenga majini. Awa si majini a mizimu ai. Ndiwo malembo a cibadwa okhala m'selo iri yonse, amene aiuza zocita. M'caka ca 1992 Tasuku Honjo wa ku Kyoto anapeza jini ya PD-1, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti PD-1 iri ngati buleki ya asilikari, yowaletsa kuononga thupi la mwini. Kansa yocenjera iika pa khungu la maselo ace cinthu cochedwa PD-L1, cimene ciponda bulekiyo. Asilikari afika pa cotupa, naima cabe.

Mu 2014 a nchito ya The Cancer Genome Atlas anayesa majini a zotupa za m'cifu 295, monga muja ayesera mwala wa pa mgodi kuona mkuwa uli m'kati, napeza kuti nthenda imene inali ndi dzina limodzi iri mitundu inai. Mwa zotupa 100, zokwanira 9 zinali za kacirombo kaja, ndipo zambiri za izo zinali zocuruka PD-L1. Zina 22 zinali za mtundu wa MSI, umene selo ilephera kukonza zolakwa m'malembo ace. Zolakwazo zicuruka kufikira selo ioneka ngati mlendo, asilikari naizindikira. Ndipo odwala a mtundu uwu, akang'ambidwa nthenda isanafalikire, kawiri-kawiri akhalitsa kupambana anzao.

Mankhwala omasula buleki anafika. Mu 2017 boma la America linalola pembrolizumab pa kansa za MSI zimene zakanika mankhwala ena, ndipo mu 2021 linalola nivolumab pamodzi ndi mankhwala akale pa kansa ya m'cifu yofalikira. Poyesa nivolumab mwa odwala ocuruka PD-L1, theka la iwo linapitirira miyezi 14, pamene mwa olandira mankhwala akale okha theka linapitirira miyezi 11. Miyezi itatu si yocepa kwa banja, koma sikucira. Ndipo mtengo wa mankhwalawa ngwoposa malipiro a munthu wamba.

Ofufuza ambiri alemba mindandanda ya majini a citetezo ca thupi, nati ikhoza kuneneratu za moyo wa wodwala. Yambiri ikali pa pepala, pakuti mndandanda wolondola pa odwala a dziko lina ukhoza kuphonya pa a dziko lina. M'zipatala dotolo ayambabe ndi funso lakale lija la kumene cotupa cafika. Ku South Korea, kumene boma liyesa zifu za anthu a zaka 40 kunka m'tsogolo pa zaka ziwiri ziri zonse, kansa ipezeka ikali yaing'ono, ndipo odwala oposa 70 mwa 100 akali moyo patapita zaka 5.