Tsiku limene kunada masana ku Kaunda Square

Ife amene tinali ana mu 2001 sitidzaiwala Lachinayi lija la pa 21 June. Magalasi apepala oonera dzuwa anali ochepa, ndiye m'komboni muno tinkangobwerekana, uku tikukankhana. Itangopitirira 15 koloko kunazizira, nkhuku zinayamba kulowa m'khola, ndipo kwa mphindi zitatu Lusaka yense anali mumdima. Amayi ena anatsekera ana m'nyumba. Tinkawaseka, koma sanalakwitse kwenikweni: kuyang'ana dzuwa ndi maso okha kumawononga diso.

Kadamsana ameneyu sanabwere mwadzidzidzi. Mwezi unadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa. M'mimba mwake dzuwa limaposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, choncho mwezi umaliphimba ndendende. Akatswiri a zakuthambo anadziwiratu tsiku ndi mphindi, n'chifukwa chake alendo ochokera kunja anafika nthawi isanakwane.

Chimene chimatisangalatsa ife n'chakuti masamu omwewo amabwereranso m'mbuyo. Makolo a Angoni ankasimba kuti pamene Zwangendaba ankawoloka Zambezi ndi anthu ake, cha kufupi ndi Zumbo, kunada masana. Chaka sanachilembe. Akatswiri atawerengera mayendedwe a mwezi, anapeza kuti kadamsana anadutsa dera limenelo mu November 1835. Ndiye anzathu a kwa Mpezeni mukamatchula chaka chimenechi pa Nc'wala, dziwani kuti chinachokera m'nkhani ya agogo ndi masamu a zakuthambo.