Kusamalira Magalimoto Asanawonongeke: Zoyenera Kudziwa Alimi, Amalonda ndi Mabungwe

Unduna wa za Mtengatenga ukukumbutsa eni malole, maminibasi, mathirakitala ndi magalimoto ena onyamula anthu kapena katundu kuti galimoto iyenera kupita ku sevisi pa nthawi yake yoikika, ngakhale ikuoneka kuti ikuyenda bwino. Uthengawu ukupita makamaka kwa makampani, makopaletivu a alimi, amalonda ndi mabungwe omwe ali ndi magalimoto angapo.

Tanthauzo lake

Kusamalira galimoto isanawonongeke ndiko kuiyendera, kuithira oyilo watsopano ndi kusintha zipangizo zomwe zimatha, potsatira makilomita omwe yayenda kapena miyezi yomwe yadutsa. Kumasiyana ndi kukonza galimoto itafa kale pamsewu, pomwe mwini wake sasankha tsiku, malo, makaniko ngakhale mtengo. Galimoto iliyonse ili ndi buku lochokera ku kampani yomwe inaipanga, ndipo bukulo ndilo limanena nthawi yosinthira chipangizo chilichonse. Paja safunsa anadya phula.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu ku Malawi

Katundu wambiri m'dziko muno amayenda pamsewu. Fodya amafika kumisika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu pa malole. Kachewere wa ku Dedza ndi Ntcheu, nsomba za ku Mangochi ndi Nkhotakota, komanso feteleza wopita kumidzi, zonse zimadalira galimoto. Lole ya tomato ikafera panjira masiku awiri, mwini wake amalipira makaniko, masipeya ndi galimoto yodzakoka, pomwe alimi omwe anapakiramo katundu amataya zokolola za chaka. Komanso mafuta ndi masipeya zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho injini yomwa mafuta mopitirira muyeso imasaukitsa mwini wake ndi dziko lomwe.

Injini, oyilo ndi sefa

Oyilo amafewetsa zitsulo za mu injini kuti zisakhulane. Akakhalitsa amada, amadzala tizidutswa ta zitsulo ndi mwaye, ndipo amasiya kugwira ntchito yake. Makampani ambiri amalangiza kusintha oyilo ndi sefa yake pakati pa makilomita 5,000 ndi 10,000 pa magalimoto ang'onoang'ono, ndipo galimoto yoyenda m'misewu yafumbi kapena yonyamula katundu wolemera iyenera kutsatira nambala yocheperayo. Thirakitala imawerengeredwa maola omwe injini yalira, osati makilomita.

Sefa ya mpweya imatsekeka msanga m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala. Ikatsekeka, injini imafooka ndi kumwa mafuta ambiri. Ikabooka, fumbi limalowa ndi kupala zitsulo za m'kati. Magalimoto a dizilo ali ndi sefa yolekanitsa madzi ndi mafuta, ndipo madziwo ayenera kukhetsedwa, chifukwa akafika ku pampu ya dizilo amaiwononga. Mu redieta muyenera kuthiridwa madzi osakaniza ndi mankhwala ake. Madzi a pachitsime okha amabweretsa dzimbiri ndi kutseka timipaipi, mpaka injini kuwira. Injini zoyendera lamba wa taimingi zimafuna kuti lambayo asinthidwe pa makilomita olembedwa m'buku, popeza akaduka galimoto ikuyenda, pa injini zambiri mavavu ndi mapisitoni zimawombana.

Mabuleki

Misewu ina ya m'dziko muno ili ndi zitsetse zazitali ndi zokhotakhota, monga pa Chiweta m'boma la Rumphi, msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, ndi msewu wochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. M'malo otere mabuleki amatentha kwambiri. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akakhala ndi madzi amawira msanga. Akawira, dalaivala amaponda buleki mpaka pansi koma galimoto osaima. N'chifukwa chake makampani ambiri amati mafutawa asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ngakhale akuoneka oyera. Pa malole a mabuleki a mpweya, madzi omwe amasonkhana m'matanki a mpweya ayenera kutulutsidwa tsiku ndi tsiku. Potsika chitsetse, dalaivala agwiritse ntchito giya yaing'ono m'malo modalira buleki yokha.

Matayala

Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindikapindika poyenda, limatentha ndipo likhoza kuphulika, makamaka nthawi yotentha ndi katundu wolemera. Mpweya uyenera kuyezedwa m'mawa tayala lisanatenthe, osaiwala tayala lapadera. Matayala a magalimoto ang'onoang'ono ali ndi timizere m'ngalande zake tosonyeza kuti mapazi atsala mamilimita 1.6, mapazi akafanana ndi timizereto, tayalalo latha ndipo silingagwire msewu wonyowa.

Tayala limakalambanso ngakhale mapazi ake akadalipo. Pambali pake pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito ayenera kuwerenga manambalawa ndi kuyang'ana ming'alu m'mbali, pokumbukira chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lodyeka mbali imodzi limasonyeza kuti mawilo sanawongoke bwino, zomwe zimachitika kawirikawiri galimoto ikamagwera m'maenje.

Ndondomeko ya malo okhala ndi magalimoto angapo

Galimoto iliyonse ikhale ndi kaundula wakewake wolembamo makilomita, mafuta othiridwa, tsiku la sevisi, zipangizo zosinthidwa ndi tsiku la sevisi yotsatira. Kaundulayu amaulula msanga galimoto yomwe yayamba kumwa mafuta kapena oyilo mosiyana ndi kale. Dalaivala aziona oyilo, madzi, matayala, mabawuti a mawilo, magetsi, mabuleki ndi pansi pa galimoto ngati pakudontha kanthu, asananyamuke m'mawa uliwonse. Akanena za vuto, lilembedwe ndi kukonzedwa, ndipo asakakamizidwe kunyamuka ndi galimoto yomwe waidandaula.

Magalimoto apite ku galaja mosinthana kuti ntchito isaime. Sevisi yaikulu ndi yabwino kuichita m'mwezi wa Malichi, nyengo yokolola ndi misika ya fodya isanayambe, komanso mu Seputembala kapena Okotobala, ntchito yonyamula feteleza ndi mvula zisanafike. Pa ulendo uliwonse womwe galimoto yapeza ndalama, mwini wake apatule gawo losungira sevisi ndi matayala. Kunyamula katundu wopitirira muyeso kumathetsa msanga mabuleki, matayala ndi masipuling'i, kumawononga misewu, ndiponso n'kulakwira lamulo.

Chiphaso cha COF

Malamulo a pamsewu amafuna kuti galimoto iyesedwe pa nthawi zoikika ndi kukhala ndi chiphaso cha COF kudzera ku nthambi ya DRTSS, yomwe ambiri amaitcha Road Traffic. Chiphasochi chimangotsimikiza momwe galimoto inalili pa tsiku loyesedwa. Udindo woonetsetsa kuti ili bwino masiku ena onse ndi wa mwini wake ndi dalaivala. Kubwereka matayala kapena zipangizo zina pongofuna kupambana mayeso, n'kuzibweza pambuyo pake, n'kuika pachiswe moyo wa apaulendo, oyenda pansi ndi okwera njinga.

Alimi ndi amalonda omwe amachita hayala galimoto ali ndi ufulu woona chiphaso cha COF, inshuwalansi ndi matayala asanapakire katundu wawo. Ofuna kudziwa zambiri za kuyesetsa magalimoto apite ku ofesi ya DRTSS yomwe ali nayo pafupi.