Makamera a pa makina ang'onoang'ono a zomangamanga

Makamera a pa makina ang'onoang'ono a zomangamanga ndi zipangizo zothandiza woyendetsa kuona malo obisika kumbuyo ndi m'mbali mwa makinawo. Amaikidwa pa makina monga skid steer loader, yonyamulira dothi ndi miyala, komanso mini excavator, yomwe ndi katapila wamng'ono wokumbira ngalande ndi maziko. Ena amachokera nawo kufakitale, pomwe ena mwini makina amachita kuikitsa.

Kufunika kwake

Makina amenewa amagwira ntchito pamalo opanikizika, pafupi ndi zipupa, mapaipi ndi antchito oyenda pansi. Skid steer loader, imene mtundu wake woyamba wa matayala anayi unali M400 wa kampani ya Melroe ku America mu 1960, ili ndi injini kumbuyo kwa woyendetsa ndiponso mikono yonyamulira m'mbali mwake. Zonsezi zimamutchinga, chonsecho makinawo amatha kutembenuka mwachangu ali pamalo amodzi. Pa mini excavator, thupi lapamwamba limazungulira, ndipo kumbuyo kwake kungathe kupanikizira munthu kuchipupa. Magalasi oonera kumbuyo safika pamalo onsewa.

Mmene amagwirira ntchito

Njira yosavuta ndi kamera imodzi kumbuyo ndi sikirini pafupi ndi mpando wa woyendetsa. Zonse zimatenga magetsi ku batire ya makinawo, nthawi zambiri ya 12V. Njira ina imagwiritsa ntchito makamera angapo, kawirikawiri anayi, ndipo kompyuta imalumikiza zithunzi zawo n'kupanga chimodzi choonetsa makinawo ngati mmene mbalame ingawaonere ili m'mwamba. Makamera ena amayendera limodzi ndi radar, kapena pulogalamu yozindikira munthu, imene imaliza belu wina akayandikira.

Poti makinawa amanjenjemera, kuthimbirira ndi fumbi ndiponso kutsukidwa ndi madzi amphamvu, makamera ake amakhala otsekedwa bwino. Chizindikiro cha IP67 kapena IP69K chimasonyeza kuti kamerayo siloleza fumbi ndi madzi.

Miyezo

Bungwe la ISO lili ndi miyezo iwiri yokhudza nkhaniyi. ISO 5006 imayeza zimene woyendetsa amaona pamtunda wa mita imodzi kuchokera pamakinawo komanso pamzere wozungulira wa mamita 12. ISO 16001 imafotokoza mmene makamera ndi zipangizo zozindikira zinthu ziyenera kugwirira ntchito.

Zofooka

Kamera silowa m'malo mwa maso a munthu. Matope pang'ono pagalasi lake amaphimba chithunzi chonse, ndipo dzuwa likawomba sikirini sioneka bwino. Galasi loona malo aakulu limachititsa chinthu chapafupi kuoneka ngati chili patali. Woyendetsa akangoti maso pasikirini, amaiwala kucheuka. N'chifukwa chake pamalo omanga pamafunikabe kupukuta kamera ntchito isanayambe, kupatula njira ya anthu ndi ya makina, komanso kuika munthu wolondolera makina akamabwerera m'mbuyo.