Mmene Galimoto za ku Britain Zinapezera Dzina ndi Mmene Zinalitayira

Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, akayamba kukamba za galimoto zakale, dzina loyamba kutuluka pakamwa pawo limakhala la Land Rover. Ndiyo inkabwera ndi bwana wa kuboma, ndiyo inkanyamula odwala m'dzinja misewu itasanduka phala la matope, ndipo ndiyonso inkaumitsa anthu kukamwa ikaima pabwalo itadzaza apolisi. Pambali pake panali malole a Bedford ndi tigalimoto ta Morris ndi Austin. Zonsezi zinkachokera ku Britain, dziko limene linatilamulira kuyambira 1891 mpaka 1964, n'kutisiyiranso mwambo woyenda kumanzere kwa msewu.

Lero tikaima m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay kapena pa Kamuzu Road ku Salima n'kumawerenga galimoto zodutsa, pafupifupi zonse ndi za ku Japan. Komatu m'chaka cha 1950 panalibe dziko limene linkagulitsa kunja galimoto zambiri kuposa Britain. Msika wonsewo unapita kuti? Mbali ina ya yankho ili mkati mwa injini zenizenizo, ndipo mbali ina ili m'manja mwa anthu amene ankazimanga.

Msonkho umene unaumba injini

Injini ya galimoto tingaifanizire ndi mtondo ndi munsi. Silinda ndiye mtondo, pisitoni ndiye munsi umene umakwera ndi kutsika mafuta akamayaka mkatimo. Kwa zaka zambiri boma la Britain linkawerengera msonkho wa galimoto poyeza kukula kwa pakamwa pa silinda ndi kuchuluka kwa masilinda, koma kuya kwake silinkakuyeza. Kuyambira 1921 mwini galimoto ankalipira paundi imodzi pachaka pa hatchi iliyonse ya mphamvu yowerengedwa mwanjira imeneyi. Opanga galimoto anaona pozembera. Anayamba kuumba masilinda opapatiza pakamwa koma akuya kwambiri, kuti injini ikhale ndi mphamvu koma msonkho ukhale wochepa.

Lamuloli linasinthidwa mu 1947, koma chizolowezi cha akatswiri ndi makina a m'mafakitale sizinasinthe tsiku lomwelo. Injini ya Land Rover yoyamba inali ndi masilinda a mamilimita 69.5 pakamwa, pamene pisitoni inkayenda mamilimita 105. Injini yotchuka ya Jaguar yotchedwa XK, imene inatuluka mu 1948, inali ndi mamilimita 83 pakamwa ndi 106 a ulendo wa pisitoni. Kainjini ka A-series, kamene kanayambira mu Austin A30 m'chaka cha 1951 n'kudzalowanso mu Morris Minor ndi Mini, kanali ka mtundu womwewo.

Apa ndi pamene panachokera khalidwe limene okonda galimotozi amalitamanda mpaka lero. Injini ya mtondo wakuya imakoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono. Imagunda mofatsa ngati mayi wodziwa kusinja, ndipo pachitunda sivutitsa dalaivala kusinthasintha magiya. Koma munsi woyenda ulendo wautali sufuna kufulumizitsidwa. Misewu ya ku Britain inali yopapatiza ndi yokhotakhota, ndipo msewu wawo woyamba wothamangirapo unatsegulidwa mu 1958, motero kwawoko vutoli silinkaoneka. Galimoto zazing'ono zomwezo zitafika ku America ndi ku Australia, kumene munthu amathamanga maola ambiri osapumira, zambiri zinkatentha ndi kutha msanga. Zinapangidwira misewu yakwawo, koma zinagulitsidwa padziko lonse.

Land Rover, mwana wa umphawi

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, Britain inatsala ndi ngongole zambiri. Chitsulo chinkagawidwa ndi boma, ndipo kampani yogulitsa kwambiri kunja ndiyo inkapatsidwa gawo lalikulu. Kampani ya Rover, imene inkapanga galimoto zapamwamba zogulidwa ndi anthu ochepa, inali pachiswe. Katswiri wake wamkulu, Maurice Wilks, anali ndi munda pachilumba cha Anglesey ku Wales, kumene ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo. Mu 1947 iye ndi mkulu wake Spencer Wilks, amene ankayendetsa kampaniyo, anaganiza zopanga galimoto ya alimi yofanana nayo. Anaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo inkapangidwira ku Solihull.

Popeza chitsulo chinali chosowa, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene ankapezeka mosavuta ntchito yopanga ndege zankhondo itachepa. Malata ake anali osalala ndi owongoka, chifukwa panalibe ndalama zogulira makina opindira. Zimene anachita chifukwa cha kusowa zinadzakhala mphamvu yake: thupi losachita dzimbiri, limene mmisiri wa malata angaliwongole ndi nyundo. Abale awiriwa ankayesa kuti galimotoyi ingowaolotsa pa zaka zovutazo, koma posakhalitsa inayamba kugulidwa kuposa galimoto zawo zina zonse.

Mu 1958 kunatuluka Series II yokhala ndi injini ya petulo ya malita 2.25, ndipo ya dizilo ya kukula komweko inabwera ndi Series IIA mu 1961. Injini imeneyi ndi imene akuluakulu athu ambiri amaikumbukira. Mphamvu yake inali yochepa poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo anaipanga dala motero kuti isamadzipanikize ndiponso izilandira petulo wosayeretsedwa bwino. Inali yaulesi panjira yowongoka, yakumwa mafuta kwambiri, koma mumchenga ndi m'matope inkapita ngati ng'ombe yapagoli. Pofika 1976 Land Rover zopangidwa zinakwana miliyoni imodzi.

Yosavuta kukonza, yosachedwa kudwala

Kodi galimotozi zinali zodalirika? Mawu akuti kudalirika ali ndi matanthauzo awiri, ndipo mbiri yonseyi yagona pa kusiyana kwake. Pali chinthu chodalirika chifukwa sichiwonongeka, ndipo pali chinthu chodalirika chifukwa chikawonongeka chimakonzeka. Galimoto zakale za ku Britain zinali za mtundu wachiwiriwu.

Munthu wokhala ndi masipanala ochepa, waya ndi nzeru ankatha kuidzutsa pansi pa mtengo wa mango. Batire ikafooka, panali handulo yolizira injini kutsogolo. Moto wa mapulagi unkadutsa pa mapointi, amene makaniko ankawapala ndi kuwayeza ndi maso. Kabureta ya SU, imene inali m'galimoto za Morris, MG ndi Jaguar, inali ndi ziwalo zochepa kwambiri ndipo inkangofuna madontho a oyilo pamwamba pake. Zida za injini imodzi zinkalowa m'galimoto zamitundumitundu. A-series inapangidwa kuyambira 1951 mpaka 2000, XK ya Jaguar inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans kasanu pakati pa 1951 ndi 1957 n'kupitirira kupangidwa mpaka 1992. Ku India galimoto ya Morris Oxford inabadwanso ndi dzina lakuti Hindustan Ambassador, ndipo inapangidwa mpaka 2014. Chinthu chachabechabe sichikhala zaka zonsezo.

Koma matenda ake analinso odziwika. Injini zinkadontha oyilo mwakuti pamalo pogona galimoto pankadziwika ndi banga lakuda. Land Rover inkathyola mashafuti a kumbuyo ikalemedwa, ndipo pansi pa thupi losachita dzimbiri lija panali chasisi chachitsulo chimene chinkadyeka mwakachetechete. Zamagetsi zambiri zinkachokera ku kampani ya Lucas ya ku Birmingham, ndipo chifukwa cha nyali zozima mwadzidzidzi, eni galimoto anaipatsa dzina lachipongwe lakuti Mfumu ya Mdima. Pakati pa galimoto ndi mwini wake panali ngati pangano: iwe undithire girisi, undiyang'ane oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse, ine ndikufikitsa. Malinga ngati panalibe galimoto ina yofuna chisamaliro chochepa, anthu ankalilandira panganolo mosadandaula.

Nyumba ya maina ambiri

Mu 1952 Austin ndi Morris zinaphatikizana n'kukhala BMC. Mu 1968 gulu limeneli, limene linali litatenganso Jaguar, linaphatikizana ndi Leyland, mwini wa Rover ndi Triumph, ndipo kunabadwa British Leyland. Makampani amene anakhala akupikisana kwa zaka makumi angapo anapezeka pansi pa denga limodzi ngati mitala yosamvana, aliyense akuteteza mphika wake.

Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi Triumph Stag ya mu 1970. Rover inali kale ndi injini yabwino ya V8 ya malita 3.5, imene inagula ku kampani ya Buick ya ku America ndipo inadzayendetsa Range Rover. Triumph inapitiriza ndi V8 yakeyake ya malita 3. Kulira kwake kunali kokoma, koma pampu ya madzi inaikidwa pamwamba kwambiri, ndipo m'mainjini ena munkatsala mchenga wa m'chikombole choumbira chitsulo. Mchengawo unkatseka njira za madzi, injini n'kutentha, mitu yake n'kupindika. Wogula sakanauona mchengawo patsiku logula. Ndiko kuja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Morris Marina ya 1971 ndi Austin Allegro ya 1973 zinatuluka ndi mbiri yosakondweretsa. Rover SD1 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya m'chaka cha 1977, koma ogula ake anadandaula ndi utoto wosenda ndi zamagetsi zovuta. Ambiri amaloza chala antchito amene ankanyanyala ntchito kawirikawiri, makamaka pafakitale ya Longbridge. Kunyanyalako kunalipodi, koma kunalinso makina okalamba, mabwana okangana okhaokha, ndi chizolowezi chotulutsa galimoto isanayesedwe mokwanira kuti wogula ndiye akapeze zolakwika. Mu 1975 kampaniyo inagwa, ndipo boma linaitenga kuti ntchito za anthu zisathe. Pa zaka zonsezi Land Rover inkabweretsa phindu, koma yokha inkasinthidwa pang'ono chabe, ndipo ogula akunja ankadikira nthawi yaitali kuti alandire galimoto ndi masipeya.

Pamenepo n'kuti Toyota itafika kale. Land Cruiser ya mtundu wa 40 inatuluka mu 1960 ndi injini yaikulu ya masilinda 6, ndipo Hilux inatsatira mu 1968. M'mafakitale a Toyota wantchito wamba ankaloledwa kuimitsa mzere wonse wopangira galimoto akaona cholakwika, kuti chikonzedwe pomwepo chisanafike kwa wogula. Alimi a ku Australia, maboma a mu Africa ndi mabungwe othandiza anthu anayesa galimoto zatsopanozi, n'kupeza kuti zimadzuka m'mawa uliwonse popanda kunyengerera. Sanabwererenso. Mu 1981 British Leyland inayamba kupanga galimoto ya Honda n'kuitcha Triumph Acclaim. Mu 2005 fakitale ya Longbridge inatsekedwa MG Rover itagwa, ndipo anthu pafupifupi 6,000 anataya ntchito. Dzina la MG lili m'manja mwa kampani ya ku China, Mini ili ndi BMW ya ku Germany, ndipo Jaguar ndi Land Rover zinagulidwa ndi Tata ya ku India mu 2008. Land Rover ya maonekedwe akale yomaliza inatuluka ku Solihull pa 29 January 2016.

Zimene zikutikhudza

Angerezi sanasowe nzeru. Injini zawo zabwino zikulirabe mpaka lero m'manja mwa ozisamalira. Chimene chinasowa ndi chimene m'maphunziro athu a Chisilamu timachitcha itqaan, kugwira ntchito mwaluso mpaka kumapeto, kuphatikizapo mbali imene palibe angaione. Mchenga wotsala mkati mwa injini ndi ntchito imene munthu wina anaisiyira panjira podziwa kuti bwana sasuzumiramo. Dzina limene linamangidwa kwa zaka makumi ambiri linagumuka ndi tinthu tating'ono totere.

Mabanja ambiri kuno amagula galimoto ndi ndalama zimene mwana wakhetsera thukuta ku Joni, ndipo galimotoyo ndiyo imadyetsa pakhomo. Zina mwa zobwera kuchokera kunja ndi za ku Britain zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mtengo wake umakopa. Ndi bwino kudziwa kuti za masiku ano zilibe kuphweka kwa Series IIA. Zadzaza makompyuta, ndipo Freelander yoyamba ya petulo ya malita 1.8 inatchuka ndi kupsa gasiketi ya mutu wa injini. Tisanapereke ndalama, tifunse ngati masipeya ake akupezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndiponso ngati m'dera lathu muli makaniko woidziwa.

Ogulitsa ndi okonza nawo ali ndi amaana pamapewa awo. Maulama a fiqhi anagwirizana kuti kubisa chilema cha katundu n'koletsedwa, ndipo anakhazikitsa khiyaarul aib, ufulu wa wogula wobweza chinthu akapeza chilema chimene sanauzidwe. Wothira oyilo wokhuthala kuti injini yotha isamveke kugogoda, wobweza makilomita m'mbuyo, ndi makaniko woika sipeya yakale n'kulipiritsa mtengo wa yatsopano, onsewa akusiya mchenga mu injini ya m'bale wawo. Galimoto yoteroyo ikafera pachitunda cha Golomoti ili ndi ana ndi odwala, mlandu wake uli ndi mwini, ngakhale khoti lisaumve. Ndipo Allah ndiye Wodziwa koposa.